Mwakonza m'kati mwa galimoto yakale koma fungo la chuku likungobwerera: poyambira ndi pati?

Mu Okutobala galimoto imakhala ikununkhira guluu ndi nsalu zatsopano. Pofika Febuluwale, mukangotsegula chitseko limakuchingamirani ndi fungo lija la nyumba yomwe yakhala yotseka chaka chathunthu. Mukaponda pa kapeti nsapato ikunyowa. Thabwa la pachitseko lapindika ngati chikwa cha mango, m'makona nsalu yamatuka, ndipo pampando pali timadontho toyera tomwe mukapukuta lero mkucha tabwereranso. Amene anayesapo kubwezeretsa m'kati mwa galimoto yakale kuno kunyanja akulidziwa vutoli.

Ine ndinakumana nalo pa MGB yopanda denga lachitsulo, imodzi mwa galimoto zing'onozing'ono zothamanga zomwe zinkapangidwa ku Abingdon m'dziko la England kuyambira 1962 mpaka 1980. Zambiri zomwe ndifotokoze ndi za galimoto imeneyi chifukwa ndi yomwe ndinaigwira ndi manja anga, koma amene ali ndi Triumph Spitfire kapena Datsun 240Z apeza kuti matenda ake ndi ofanana.

Chaka choyamba ndinakwiyira wosoka mipando. Ndinabwerera kwa madalawo ndi thabwa la pachitseko m'manja, mtima uli m'mwamba. Iwo analitembenuza, n'kuloza mzere wakuda womwe unali kumbuyo kwake, kuchokera m'munsi kukwera pafupifupi chikhatho chimodzi. "Achimwene, ulusi wangawu uli pomwe ndinausiya," anatero. "Awa ndi madzi. Ine ndimasoka, sinditseka mvula." Ankanena zoona. Ndinali nditavundikira chilonda ndi nsalu yokongola, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Choncho musagulenso kapeti, siponji kapena guluu musanadziwe komwe madzi akulowera. Zina zonse zimabwera pambuyo pa chimenechi.

Kupeza polowera madzi

Chotsani zonse: mipando, kapeti, chofunda cha pansi pa kapeti, matabwa a m'zitseko ndi a m'mbali mwa mapazi. Musanayambe jambulani ndi foni chilichonse, ndipo masikuluwu a malo amodzi muike m'kajumbo kawokawo. Chenjezo limodzi pomasula mipando: galimoto za ku Britain za nthawi imeneyo mabawuti ake ndi a mainchesi. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa bawuti ya theka la inchi, koma imakhala yokhwepa pang'ono, ndipo bawutiyo ikakhala ya dzimbiri mumaidya mutu n'kukhala wobulungira. Funani sipanala ya 1/2 ndi ya 7/16. Musakakamizenso bawuti ya mamilimita m'bowo la pansi pa mpando, chifukwa nati yake inawotchereredwa kuchitsulo, mukaiwononga mwadziyambitsira ntchito ina.

Pansi pakauma gwa, wazani paudala wa ana kapena choko chopera m'mbali monse, pansi pa dashibodi ndi m'munsi mwa zitseko. Ufa wa chimanga musagwiritse ntchito, muitana nyerere ndi makoswe. Kenako mmodzi alowe m'kati ndi tochi, atseke denga ndi magalasi, wina akhale kunja ndi paipi kapena ndowa ndi kapu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amakhuthulira ndowa yonse padenga, madzi n'kutulukira paliponse, osadziwika kuti ayambira pati. Yambani m'munsi, kukwera pang'onopang'ono. Thirani pa chitseko chokha, dikirani mphindi zisanu. Kenako pa galasi la chitsekocho. Kenako patsinde pa galasi lakutsogolo. Denga likhale lomalizira. Dontho likadutsa pa paudala limasiya kanjira kooneka bwino, ndipo mukakatsatira kukwera m'mwamba mufika pomwe lalowera. Madzi satsika molunjika nthawi zonse. Amatha kuyenda pa waya kapena m'mphepete mwa chitsulo n'kukadonthera kutali, ndiye musamate pomwe mwaona chithaphwi, mate pomwe kanjirako kayambira.

Pa MGB malo oyamba kuwakayikira ndi kabokosi kolowera mpweya komwe kali kutsogolo kwa galasi, pansi pa timipata tonyezimira tija. Mvula imagweramo mwadala, ndipo pansi pake pali kapaipi ka labala kotulutsira madziwo kunsi kwa galimoto. Kukamwa kwa kapaipiko ndi kopanikizika, motero fumbi la nthawi ya mwera, maluwa a mango ndi timasamba zimaunjikana n'kusanduka matope. Madzi akasowa kopita amadzaza kabokosiko n'kusefukira m'kati kudzera momwe mumalowera mpweya, kugwera pamapazi. Ine nditalowa pansi pa galimoto n'kufinya kukamwa kwa kapaipiko, munatuluka matope akuda okwana kapu yathunthu, kenako madzi onunkha ngati a m'dambo. Chitokosereni ndi waya wosasongoka kuchokera pamwamba, thirani madzi aukhondo, muone ngati akutuluka msanga pansi. Ngati kabokosiko kabowoka ndi dzimbiri, pamafunika wowotcherera, si guluu. Kuyeretsa kapaipika ndi ntchito ya chaka ndi chaka, mu Novembala mvula isanayambe, makamaka ngati mumaimika galimoto pansi pa mtengo.

Malo ena ndi labala wa pakati pa felemu ya galasi lakutsogolo ndi thupi la galimoto, makamaka m'makona awiri am'munsi, komanso timalabala ta pomwe pamatulukira timitengo ta mawaipa. Dzuwa la kuno limaumitsa labala mpaka kumathetheka ngati chigumu chogona. Onaninso chipupa cha pakati pa injini ndi mapazi anu. Usiku zimitsani magetsi onse, wina aunike ndi tochi kuchokera ku injini, inu muli m'kati. Paliponse pomwe pakuoneka kuwala ndi bowo lomwe labala wake anagwa kale. Mabowo amenewa salowetsa madzi okha, amalowetsanso kutentha ndi utsi wa injini, ndipo mu utsiwo muli mpweya wakupha womwe sununkha. Atsekeni onse.

Kodi ndi madzi a mvula enieni?

Kapeti ikanyowa m'chilimwe, mvula kulibe, igwireni ndi zala n'kununkhiza. Ngati madziwo ndi oterera, onunkhira motsekemera, mwinanso obiriwirako, akuchokera ku heater, chotenthetsera m'kati mwa galimoto: kaladiyeta kake kakang'ono kapena mapaipi ake akudontha. Kuno heater sitiifuna kwenikweni, kotero ambiri amangolumikiza mapaipi awiriwo ku injini kuti madzi asadutsenso m'kabokosiko, ndipo palibe cholakwika. Koma ngati kunyowako kuli mbali ya dalaivala yokha, pansi pa mapedulo, kuli noninoni ndipo penti wa pamenepo watukusira kapena wasupuka, amenewo ndi mafuta a mabuleki kapena a kilatchi. Siyani za kapeti, galimotoyo isayende mpaka makaniko ataona.

Zitseko

Anthu ambiri sadziwa kuti chitseko cha galimoto chinapangidwa kuti madzi azilowamo. Labala wa m'mphepete mwa galasi amangochepetsa, ena amatsetsereka ndithu ndi galasilo kulowa m'kati mwa chitseko, n'kutulukira pa timabowo ta pansi. Timabowoto tikatsekeka ndi mchenga, kapena wopenta akatimata ndi phala lake, chitseko chimasanduka mtsuko. Chigwedezeni mvula itagwa, mumva madzi akukhuvuka. Titsegulireni ndi kamtengo.

Chachiwiri ndi chomwe ine ndinalakwitsa. Pakati pa chitsulo cha chitseko ndi thabwa lokutidwa lija pamayenera kukhala pepala la pulasitiki. Langa linali litang'ambika kalekale, ndinangolitaya poganiza kuti ndi zinyalala za kufakitale. Ntchito yake ndi kutchinga madzi ndi chinyontho kuti zisafike pa thabwa. Dulani pulasitiki yokhuthala, ngati ija timayala pansi pa simenti pomanga nyumba, muimate m'mbali monse, koma m'munsi mwake muilowetse m'kati mwa chitseko kuti madzi otsetsereka abwerere momwemo, osati kutsikira kuseri kwa thabwa.

Matabwa oyambirira anali a hardboard, yomwe imamwa madzi ngati buledi. Kuno ndi bwino kudula atsopano pa plywood ya mamilimita 3 kapena 4, pogwiritsa ntchito akalewo ngati chikombole. Yokhuthala kuposa apa zogwirira chitseko ndi chopukusira galasi sizikwananso bwino. Pakani vanishi mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete ndi m'mabowo mupake kawiri, chifukwa ndi momwe madzi amayambira kulowa. Kalipentala aliyense wa pamsika akhoza kukudulirani, bola mukhalepo pomwe akuboola mabowo a zomangira, poti kuphonya pang'ono kokha thabwa silikhala.

Pansi

Mukachotsa kapeti n'kupeza dzimbiri la pamwamba chabe, palani ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pakani mankhwala opha dzimbiri, kenako penti woyambira wofiira uja ndi penti wamafuta pamwamba. Koma tengani sikuludiraiva mubaye mwamphamvu m'makona, m'mbali mwa mabawuti a mipando ndi pomwe pamamangidwa malamba. Ikalowa, pamenepo padulidwe n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano. MGB ilibe felemu yapadera pansi pake, mphamvu yake ili m'thupi momwemo, makamaka m'zitsulo zazitali za pansi pa zitseko. Ngati mpata wa chitseko ukusintha galimoto ikakwezedwa pa jeke, kapena chitseko chikuvuta kutseka mukakwera anthu awiri, zitsulo zimenezi zadyeka. Ndimamva chisoni ndikaona wina atamata lata la nyumba ndi phula pamalo otere n'kuvundikira kapeti yokongola, chifukwa tsiku la ngozi lamba amazuka limodzi ndi chitsulo chomwe anamangidwapo.

Kuseri kwa mipando kuli chivundikiro cha mabatire. MGB zambiri za chaka cha 1974 chisanafike zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6, zapambuyo pake limodzi la mavoti 12. Tsegulani muone ngati asidi sanadye chitsulo, tsukani ndi madzi a soda wophikira, ndipo muchotse waya wa batire musanagwire chilichonse kuseri kwa dashibodi. Pa mawaya a Lucas, kampani yomwe inkapanga zamagetsi za galimotozi, wabulauni amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo alibe fyuzi, akangokhudza chitsulo amayaka. Pobwezeretsa kapeti ndi matabwa, onetsetsani kuti sikuluwu yanu sikuboola mtolo wa mawaya.

Tsopano za kapeti yeniyeniyo. Malangizo anga ndi akuti ya pamapazi musaimate ndi guluu, ngakhale wosoka atakuuzani kuti ikhala bwino ikamatidwa. Galimoto ya denga lansalu idzalowa madzi tsiku lina ndithu, kaya mvula yakupezani pa Bakili Muluzi Bridge denga lili lotsitsa, kaya mwakwera ndi mapazi onyowa pochokera kunyanja. Kapeti ikhale yoti mutha kuitulutsa n'kuiyanika. Ikeni mabatani okanikiza m'makona. Chofunda cha pansi pake chisakhale cha ziguduli kapena siponji ya matiresi, zimenezi zimasunga madzi kwa milungu. Funani siponji yolimba yosamwa madzi. Kuiyesa n'kosavuta: iviikeni m'ndowa n'kuifinya, ikatulutsa madzi ambiri isiyeni. Ndipo musaone ngati n'kutsika kuika mphasa za labala, MGB zoyambirira zinkatuluka kufakitale ndi mphasa zoterezi pamapazi. Kungoti nazonso muzizitukula kawirikawiri, poti chinyontho chimabisala kunsi kwake. Mbali ya kumanzere ndi komwe kumadutsa paipi ya utsi, choncho pansi pake pamatentha kwambiri, ikanipo chotchinga kutentha chonyezimira chija musanayale kanthu.

Guluu akamamatuka

Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35, ndipo m'galimoto yotseka yomwe ili padzuwa kumatha kupitirira 60. Guluu wamba wa nsapato amafewa pa kutentha kotere. Palinso china: vinyl, chikopa chopanga chija, ili ndi mafuta omwe amaifewetsa, ndipo ikatentha mafutawo amatuluka n'kusungunula guluu wamba. Mukatukula pomwe pamatuka n'kupeza phala lomata ngati ulimbo, chachitika ndi chimenecho. Pogula werengani pachitini, pakhale polembedwa kuti amapirira kutentha ndiponso ndi woyenera vinyl.

Koma nthawi zambiri vuto ndi kapakidwe. Guluu wakale achoke yense, chitsulo chipukutidwe ndi thinner. Pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mpaka mukakhudza ndi kuseri kwa chala asamatirire, ndiye phatikizani n'kukanikiza kuchokera pakati kupita m'mbali. Mukafulumira, mpweya wa guluuyo umatsekeredwa m'kati n'kudzatupa ngati matuza. Gwirani ntchitoyi m'mawa, pamthunzi, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya. Tsiku lomwe kunja kuli chinyezi cha mvula ingoisiyani. Ubwino wa dzuwa lathu ndi wakuti vinyl mukaiyanika mphindi zochepa imafewa, n'kumapindika bwino m'makona popanda makina otenthetsera. Musaikoke mopyola muyeso, chifukwa yokokedwa kwambiri imadzabwerera n'kuzula m'mphepete. Pa matabwa a zitseko onjezani mastepulo aafupi kumbuyo kuti guluu asagwire yekha.

Mankhwala opopera onyezimiritsa dashibodi aja ine ndinawasiya. Amakoka fumbi, amathobwa m'maso dzuwa likawomba, ndipo pomwe apakidwa guluu sagwiranso.

Mpando wolowa pansi

Mukakhala n'kumva ngati mwagwera m'dzenje, musathamangire kuwonjezera siponji. Tembenuzani mpandowo. Kunsi kwake kuli labala wotambalala kapena malamba otamuka okoledwa ku felemu ndi timbedza, ndipo amenewa ndi omwe amanyamula munthu. Akaduka, siponji ngakhale yatsopano imangolendewera. Owonjezera siponji pamwamba amadzapezeka ntchafu zikukhula chiwongolero, mutu ukugunda denga, poti galimotozi ndi zazifupi kale. Ena amadula chubu cha tayala n'kulukapo. Chimagwira miyezi ingapo, kenako kutentha kumachitha. Malamba otamuka a mipando ya sofa, omwe opanga mipando amakhala nawo, amakhalitsa kuposa chubu. Felemu ipalidwe n'kupentedwa chikuto chisanabwerere, ndipo muwauze osoka agwiritse ulusi wa polyester, chifukwa wa thonje umaola ndi chinyontho ndipo wa nayiloni umatha msanga ndi dzuwa. Kunsi kwa njanji za mipando ya MGB kumakhala timatabwa tiwiri topyapyala. Tikaola musangotitaya, dulani tina pa mtengo wolimba, apo ayi mpando umakanirira pa kapeti osayendanso.

Chuku chomwe chamera kale

Tulutsani mipando panja, mumange kansalu kukamwa ndi mphuno. Yambani mwapukuta ndi bulashi yofewa, kenako sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, mupukute ndi kansalu kofinya bwino, makamaka m'misoko. Mankhwala oyeretsera zovala aja ayi, amadya ulusi n'kusintha mtundu. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Ngati mipando ndi ya chikopa chenicheni, ngati ya MGB za zaka zoyambirira, padzuwa chimauma n'kung'aluka. Chikauma pakani mafuta ake a chikopa pang'ono chabe. Mafuta ophikira kapena odzola amangodyetsa chuku chomwecho. Fungo likakanirira zonsezi zitachitika, ndiye kuti lalowa mu siponji, ndipo siponji yotero siichapika, isintheni.

Fungo lina si la chuku. Likakhala lowawa ngati mkodzo, yang'anani m'kabokosi ka heater, kuseri kwa dashibodi ndi kunsi kwa mipando, mupeza chisa cha makoswe cha siponji yanu yomwe. Tcherani misampha. Mankhwala akupha musaike, chifukwa khoswe amakafera pobisika pomwe dzanja silifika. Ndipo galimotoyi musanyamuliremo chimanga, mtedza kapena usipa. Mukagula chambo panjira, chikhale m'ndowa yotseka, poti madzi a nsomba akalowa mu kapeti satulukamo.

Posungira

Galimoto yokonzedwa bwino imatha kuwonongekera pomwe yaima. Kuivundikira ndi pulasitiki m'nyengo ya mvula kuli ngati kuiika mumphika: chinyontho chochokera m'dothi chimakwera, dzuwa likawomba chimasanduka nthunzi, usiku chimagwera pamipando. Chofunika ndi denga la pamwamba, kaya la malata kaya la udzu, m'mbali mopita mphepo, ndipo pansi pakhale simenti kapena njerwa. Magalasi asiyeni otsika ngati chala chimodzi. Denga lansalu likhale lokweza ndi lomanga galimoto ikaima nthawi yaitali, chifukwa likakhalitsa lopinda limafupika moti simudzalikokanso kufika pa galasi. Musalipinde lili lonyowa, ndipo zenera lake lapulasitiki lakumbuyo lisathyoledwe pakati popinda. Muzilitsuka ndi madzi ambiri, osalipukuta louma, poti kamchenga ka kuno kamalikanda mpaka kuchita chifunga.

Masiku ano mvula ikagwa usiku, m'mawa ndimapita kukatukula kapeti ya mbali zonse ziwiri n'kuyala chikhatho pachitsulo, kenako ndimagwedeza zitseko kumvetsera. Loweruka lililonse ndimaiyendetsa kulowera njira ya ku Monkey Bay denga lili lotsitsa, mpaka injini itatentha bwino ndipo mphepo yadutsa m'kati monse. Dzinja lapitali ndinapeza chinyontho kamodzi kokha, pakona ya kumanzere pansi pa galasi. Ndinawaza paudala, mwana wa mchemwali wanga anathira madzi ndi kapu, ndipo kanjira kanatitengera pa kalabala ka waipa komwe kanang'aluka.